Dzira la nkhuku yachikuda: phindu lake lili pati?



Masiku ano ku Limbe ndi ku Blantyre anthu ambiri akumafunafuna mazira a nkhuku zachikuda, zija zimayenda zokha n'kumatola zakudya pabwalo. Ena akumawatcha "organic", kutanthauza kuti nkhukuyo sinadye zakudya zosakaniza ndi mankhwala. Ife kuno ku Phalombe tikangomva kuti pali mtengo, basi timasonkhanitsa onse m'kabeseni ulendo ku msika wa Migowi kapena Chiringa. Ndalama timapezadi ya sopo ndi mchere. Nanga mwana wa pakhomopo analawa liti dzira? Tiyeni tione bwino chimene chili m'dzirali, kuti tidziwe chimene tikugulitsa.

M'dzira muli zonse zofunika kuti mwanapiye apangike, n'chifukwa chake ndi chakudya champhamvu chonchi. Dzira limodzi lalikulu lili ndi zomanga thupi zokwana pafupifupi magalamu 6. Lachikuda n'locheperako, ndiye nazonso zimacheperako pang'ono. Mbali yoyera ija ndi zomanga thupi ndi madzi. Mbali yachikasu ndiyo muli vitamini A wothandiza maso ndi chitetezo cha thupi, vitamini D wolimbitsa mafupa, B12 wothandiza magazi ndi minyewa, komanso choline amene amathandiza ubongo wa mwana pamene ukukula. Pa magulu 6 a zakudya amene alangizi amatiphunzitsa ku sikelo, dzira lili m'gulu la zochokera ku nyama, gulu limene limasowa kawirikawiri m'mbale zathu.

Kodi lachikuda limaposa lachizungu? Tinene chilungamo apa. Zomanga thupi n'zofanana ndithu mukayerekeza kukula kwa mazirawo. Mtundu wa chigoba, kaya choyera kaya chofiirira, umatengera mtundu wa nkhuku basi. Zija amanena kuti mazira achizungu ngopanda ntchito chifukwa palibe tambala, ayi, si zoona. Thadzi limaikira ngakhale popanda tambala, kungoti dzira lotero silingaswe mwanapiye. Kusiyana kwenikweni kumachokera ku chimene nkhuku yadya. Nkhuku yotola bonongwe, chisoso, msipu wauwisi, chiswe ndi ziwala, n'kumaothera dzuwa, imaikira dzira la chikasu chakupsa, ndipo mavitamini ena ndi mafuta abwino amachulukirapo. Koma nkhuku yachikuda yongopala fumbi mwezi wa October, yopanda ngakhale madeya, dzira lake siliposa lina lililonse, ndiponso imasiya kuikira. Choncho dzina loti chikuda palokha si mankhwala. Tiziiponyera madeya, masamba, mitu ya matemba ndi zinyenyeswa za nsomba, ndi madzi oyera.

Tsono tamvani za kafukufuku amene anachitika konkuno ku Malawi. Mu 2018 mpaka 2019, akatswiri a ku College of Medicine pamodzi ndi anzawo a ku America anachita ntchito yotchedwa Mazira Project ku Lungwena ndi ku Malindi m'boma la Mangochi. Anatenga ana 660 a miyezi 6 mpaka 9. Theka la anawo ankadya dzira limodzi tsiku lililonse kwa miyezi 6, enawo ankadya monga mwa masiku onse. Anachita izi chifukwa ku Ecuador, mu 2015, kafukufuku wofanana anapeza kuti dzira la tsiku ndi tsiku linachepetsa kupinimbira kwa ana pafupifupi ndi theka. Koma ku Mangochi msinkhu wa ana a magulu awiriwa sunasiyane kwenikweni. Chifukwa chimodzi chimene akatswiriwo anaganizira n'chakuti ana a kunyanja ambiri ankadya kale nsomba, ndiye dzira silinapeze mpata waukulu woti litseke.

Ife tikuphunzirapo ziwiri. Choyamba, dzira lokha silithetsa kupinimbira. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 anali opinimbira, ndipo zimenezi zimabwera ndi zambiri: malungo, kutsegula m'mimba pafupipafupi, madzi oipa, phala lamadzimadzi. Chachiwiri, dzira ndi matemba zimagwira ntchito yofanana, zimalandirana. Ife timadalira Chilwa, ndipo Chilwa timaidziwa khalidwe lake. Inauma mu 1995, inaphwanso kwambiri mu 2018, ndipo chaka chilichonse pali miyezi yotseka usodzi. Matemba ndi makumba akasowa pa Swang'oma, khomo limene lili ndi thadzi loikira silisowa chopatsa mwana.

Pali zikhulupiriro zimene tinazipeza, ndipo zina zikadalipo. Amati mayi woyembekezera akadya dzira mwana abadwa wopanda tsitsi. Amati mwana akadya mazira adwala khunyu, kapena akula wakuba. Sitikunyoza makolo, mwina ankafuna kuteteza mazira kuti nkhuku ziswane. Koma dzira silichotsa tsitsi ndipo silibweretsa khunyu. Amene timawamanawo, mayi woyembekezera, woyamwitsa ndi mwana wamng'ono, ndi omwe amalifuna kuposa ife abambo. Mwana akakwana miyezi 6, phikani dzira lipse, linyenyeni m'phala lake, uku akuyamwabe. Ana ena ochepa thupi lawo limadana ndi dzira: akatuluka zidzolo, kutupa milomo kapena kusanza atangodya, siyani kaye ndipo pitani naye kuchipatala.

Tisaiwalenso kuti nkhuku yoyenda yokha imapita paliponse. Pakhomo popanda chimbudzi imadya zonyansa, ndipo mabuku a fiqh nawo amatichenjeza za chiweto chozolowera kudya najisi. Zitosi za nkhuku zimakhala ndi tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba, monga Salmonella, ndipo timapezeka pachigoba, nthawi zina ngakhale m'kati mwa dzira. Choncho dzira laliwisi, lija ena amamwa kuti mawu amveke bwino kapena kuti apeze mphamvu, lisiyeni. Wiritsani mphindi 10 madzi akayamba kubwata, kapena kazingani mpaka chikasu chilimbe. Dzira la zitosi lipukuteni ndi kansalu kouma; mukalitsuka n'kulisunga, madzi amalowetsa tizilombo kudzera m'timabowo ta chigoba. Mukakayika, liikeni m'madzi: labwino limamira, lokhalitsa kapena losukusa limayandama. Ndipo nkhuku zizigona m'khola lawo, osati m'nyumba momwe mwana amakwawa n'kumatola za pansi.

China ndi mankhwala. Nkhuku ikayamba kuodzera, ambiri timatsegula makapisozi a anthu n'kuthira m'madzi ake. Mankhwalawo amalowa m'dzira, ife n'kumadya pang'onopang'ono, mapeto ake tizilombo timawazolowera, ndipo tsiku lodwala munthu mankhwala aja sagwiranso. Kuonjezera apo chitopa sichimva makapisozi. Chimapewedwa ndi katemera wa I-2, wodonthezera m'diso, amene amapangidwa ku Lilongwe ndipo amabwerezedwa pakatha miyezi inayi iliyonse. Katemera ameneyu saononga dzira. Mlangizi wa ziweto akapereka mankhwala ena, mufunseni masiku oti mudikire musanadye kapena kugulitsa mazira. Kugulitsa dzira la nkhuku yomwa mankhwala n'kumati ndi lachilengedwe, kumeneko n'kunamiza wogula.

Achikulire ena amaopa kuti mazira amatseka mitsempha ndi mafuta. Kwa munthu wabwinobwino dzira limodzi patsiku silivuta. Amene ali ndi shuga, BP kapena vuto la mtima afunse a dokotala muyezo wake, ndipo lowiritsa ndi labwino kuposa losambira m'mafuta.

Tikudziwa kuti namondwe wa Freddy, mu March 2023, anakokolola ziweto zambiri kuno, ndipo ambiri tikuyambiranso ndi nkhuku ziwiri zitatu. Mtima umafuna kuti dzira lililonse liswe. Koma thadzi lachikuda limaikira mazira 10 mpaka 15 paulendo umodzi, pomwe limafungatira bwino 8 kapena 10 okha. Otsalawo nthawi zambiri amangosukusa. Lembani ndi khala amene mwasiyira thadzi, enawo muzichotsa tsiku lomwelo akadali atsopano. Pa amenewo yambani mwana ndi mayi ake, otsala ndiye apite kumsika.

Allah atipatse madalitso m'makola ndi m'minda mwathu.