Magazi Mumkodzo Si Likodzo Nthawi Zonse

Ku Mtakataka, ku Golomoti ndi m'midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja, munthu akaona magazi mumkodzo amangoti ndi likodzo. Kawirikawiri amakhala akulondola. Koma nthawi zina magaziwo amachokera m'chotupa cha khansa ya mu impso.

Maselo a m'thupi amatumizirana mauthenga. Mpweya wa okosijeni ukachepa, selo limaitanitsa mitsempha yatsopano ya magazi. Ukakwana, jini yotchedwa VHL, imene inapezeka mu 1993, imathetsa uthengawo. Mwa achikulire ambiri odwala khansayi, jiniyo imakhala itaonongeka, kotero kuitanako sikuleka, ndipo chotupa chimapeza chakudya ndi kumakula. William Kaelin, Peter Ratcliffe ndi Gregg Semenza analandira mphotho ya Nobel mu 2019 chifukwa chovumbula m'mene maselo amadziwira kuchepa kwa mpweyawu.

Mankhwala monga sunitinib amatseka njira ya uthengawo. Amachedwetsa matendawa, koma kuchiza kwenikweni kumadalira opaleshoni, chotupa chisanafalikire. Nchifukwa chake munthu amene wamwa praziquantel koma magazi osaleka ayenera kubwerera msanga kuchipatala, monga cha Mua, kuti madokotala akamuunikenso.