Tchuthi chokoka zingwe pa zombo zakalekale

Munthu akalipira ndalama zambiri kuti akapume patchuthi, amayembekezera bedi la wofuwofu ndi chakudya chomupeza pomwe wakhala. Koma ku Maine, chigawo cha kumpoto chakum'mawa kwa dziko la America, kuli alendo amene amalipira kuti akakoke zingwe, akagone m'kachipinda kothina, mwinanso akathandize kusenda mbatata kukhitchini.

Alendowa amakwera zombo zamatabwa zoyendera mphepo, za milongoti italiitali ndi matanga akuluakulu, zomwe eni ake amazitcha windjammer. Zambiri mwa zombozi zimanyamukira m'madoko a Camden ndi Rockland, n'kumazungulira zilumba za m'dera la nyanja lotchedwa Penobscot Bay, monga North Haven, Vinalhaven ndi Isle au Haut. Maulendowa amachitika kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka mu Okutobala, chifukwa miyezi inayo kuzizira kwake n'koopsa.

Chodabwitsa kwambiri ndi zaka za zombozi. Chombo cha Lewis R. French ndi chinzake cha Stephen Taber adazikhoma m'chaka cha 1871, ndipo zonse ziwiri boma la America lidaziika m'gulu la zinthu zofunika pa mbiri ya dzikolo. Sadazikhomere alendo ayi. Izi zidali malole a masiku amenewo. Zombo za mtunduwu zinkanyamula matabwa, nkhuni, njerwa, laimu, nsomba komanso miyala yomangira, yomwe yambiri ankaiphwanya pachilumba cha Vinalhaven.

Sitima zapamtunda, zombo za injini ndi magalimoto zitabwera, ntchitoyo idatha. Zombo zambiri adangozisiya m'matope kuti ziwole. Koma m'chaka cha 1936, kaputeni wina dzina lake Frank Swift adaganiza zoti m'malo mwa katundu, azinyamula anthu a m'mizinda ofuna kupitidwa mphepo. Adayambira ku Camden, ndipo ena ataona kuti zikutheka adatsatira. M'chaka cha 1977 eni zombo adakhazikitsa bungwe lawo la Maine Windjammer Association.

Ulendo umatenga masiku atatu mpaka asanu ndi limodzi, ndipo wautaliwo umapitirira madola 1,000 munthu mmodzi. Komatu ngakhale munthu alipire chonchi, palibe amene angamulonjeze kumene akagone. Kaputeni amayang'ana mphepo ndi kayendedwe ka madzi m'mawa uliwonse, kenako n'kusankha kolowera. Chifunga chikagwa, monga chimachitira kawirikawiri m'derali, ulendo umachedwa ndipo wodandaula amangodzivuta.

Lewis R. French ndi Stephen Taber zilibe n'komwe injini mkati mwake. Mphepo ikaleka, amalinyero amatsitsa kaboti ka injini komwe kamakhala kumbuyo, n'kumakankha chombocho ngati mwana akukankha agogo ake panjinga.

Tsiku limayamba ndi khofi ndi buledi wophikidwa pa chitofu cha nkhuni. Akatha kudya, alendo amandanda m'mizere iwiri kukoka zingwe zokwezera thanga lalikulu, lomwe kulemera kwake munthu mmodzi sangalithe. Ena amapita kutsogolo kukapukusa chokwezera nangula ndi manja. Palibe amene amakakamizidwa, koma n'kovuta kukhala chopinda manja pomwe gogo wa imvi akutuluka thukuta pachingwe. Wofuna amapatsidwanso mpata wogwira chiwongolero, kaputeni ali pambali.

Malo ogona ndi ochepa. Chombo ngati Stephen Taber chimatenga alendo 22 okha, ndipo zimbudzi ndi bafa n'zogawana. Wailesi yakanema kulibe. Dzuwa likamalowa amaponya nangula pamalo abata, anthu n'kumacheza, ena kuimba, mpaka tulo.

Chimene ambiri amachiyembekezera ndi phwando la pachilumba. Tsiku limodzi paulendowo, onse amatsikira pagombe, amasonkha moto, n'kuphika nkhanu zikuluzikulu za m'nyanja zotchedwa lobster mumphika waukulu, atavundikira ndi ndere za m'nyanja. Pambali pamakhala chimanga chachiwisi. Nkhanuzi, zomwe m'mahotela a m'mizinda n'zodula kwambiri, pano amadyera pamchenga ndi manja.

Koma kusunga chombo chamatabwa cha zaka zoposa 100 si masewera. Matabwa amawola, zingwe zimatha, ndipo amisiri odziwa ntchitoyi ndi ochepa. Ndalama zonse za chaka zimayenera kupezeka m'miyezi isanu yokha. Mliri wa Covid-19 utavuta mu 2020, zombo zambiri zidakhala padoko pafupifupi nyengo yonse.

Chombo cha Victory Chimes, cha milongoti itatu, chomwe adachikhoma mu 1900, chidali chonyaditsa cha Maine moti chithunzi chake chidaikidwa pa ndalama yachitsulo ya chigawochi mu 2003. Ulemu wonsewo sudachipulumutse. Kaamba ka kukwera mtengo kwa ntchito yochikonza, chidasiya kunyamula alendo mu 2022, ndipo chaka chotsatira adachigulitsa pa okushoni n'kuchikokera ku New York.

Choopsa kwambiri chidachitika pa 9 Okutobala 2023. Chombo cha Grace Bailey, chokhomedwa mu 1882, chinkabwerera ku Rockland kuchokera paulendo wa masiku anayi pomwe mlongoti wake waukulu udathyoka mwadzidzidzi n'kugwera anthu. Mayi mmodzi adamwalira ndipo anthu ena adavulala. Kafukufuku wa nthambi yoona za chitetezo cha panyanja ya Coast Guard adapeza kuti mtengowo udali utawola mkati.

Apa ndiye pagona vuto. Chomwe chimakopa alendo ndi ukale wa zombozi, koma ukale womwewo ndi umene umafuna diso lakuthwa ndi thumba lakuya. Mlongoti ukhoza kunyezimira vanishi kunja pomwe mkati mwafumbwa, ndipo mlendo wochokera mumzinda alibe njira yodziwira. Moyo wake amauika m'manja mwa kaputeni ndi oyendera zombo.

Ngakhale zili choncho, mwezi wa Julayi ukafika zombozi zimakumanabe pa mpikisano wa Great Schooner Race, alendo omwewo ndiwo akukoka zingwe. Lewis R. French ndi Stephen Taber zidakwanitsa zaka 150 mu 2021 zikuyendabe panyanja.