Kodi mumadziwa kuti kompyuta imatha kulamula sikirini yake?

Amene amatayipa makalata kapena kuika nyimbo m'mafoni pa Mvera, m'mbali mwa msewu wa Lilongwe–Salima, angathe kuchepetsa kuwala kwa sikirini osakhudza mabatani ake. Chingwe cha VGA, HDMI kapena DisplayPort chimanyamula zithunzi komanso malamulo.

• Njirayi imatchedwa DDC/CI, ndipo inakhazikitsidwa ndi bungwe la VESA mu 1998. Pa pulagi ya buluu ya VGA, malamulowa amadutsa pa timano nambala 12 ndi 15. Kamodzi kakapindika, chithunzi chingaoneke bwinobwino koma lamulo silifika.

• Chilichonse chimene mungasinthe pa sikirini chili ndi nambala yake: 10 ndi kuwala, 60 ndi kusankha chingwe cholowetsa chithunzi. Pa Linux, mukalemba ddcutil setvcp 10 40, kuwala kumatsika kufika pa 40. Pa Windows pali pulogalamu ya Monitorian.

• Masikirini ena ndi amakani. Ena amabwera DDC/CI ili yozimitsa. Ena amafuna kupuma mamilisekondi pafupifupi 50 pakati pa malamulo, ndipo mukawathamangitsa amangokhala chete. Ena amakana kusintha kuwala akakhala pa Eco.

• Maadaputa ena otchipa salola malamulowa kudutsa. Ma TV ambiri ndi masikirini a laputopu sagwiritsa ntchito njirayi.

Kuwala kukachepa, sikirini imadya magetsi ochepa, choncho batire la sola limakhalitsa. Musanataye mtima ndi sikirini yanu, yang'anani kaye ngati DDC/CI ndi yoyatsa, kenako yesani chingwe china.