Mulu wosanjika bwino umagumukira pati?

Amayi ogulitsa malalanje pamsika wathu amasanja zipatso zawo moti lalanje lililonse limakhazikika pa atatu apansi pake. Johannes Kepler, katswiri wa ku Germany, analemba mu 1611 kuti zinthu zobulungira sizingathithikane kuposa pamenepa: zimadzaza magawo 74 pa 100 a malo. Mukangozikhuthula n'kugwedeza, zimafika pafupifupi magawo 64 basi.

Nditafotokoza zimenezi m'kalasi, mtsikana wina wa Fomu 3 anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga mulu wotere ukapanikizidwa umayambira pati kugumuka?" Ndinalibe yankho lokonzeka, ndipo pasukulu pathu palibe labotale. Ndinakapempha timipira tachitsulo ta m'maberingi kwa wokonza njinga, n'kutiyala m'mizere pathireyi.

Tinachotsapo kampira kamodzi pakati, kenaka n'kukankha cham'mbali ndi rula. Mizere sinasunthe yonse pamodzi ayi. Kusuntha kunayambira pa mpata uja, n'kumayenda ndi mzere kampira ndi kampira. Mu 1947 Lawrence Bragg ndi John Nye ku Cambridge anaonetsa zangati zomwezi ndi tithovu ta sopo, pofuna kufotokoza chifukwa chimene chitsulo chimapindikira msanga: maatomu ake amayamba kutsetsereka pamene pali chilema.

Chimene chinasangalatsa ana kwambiri ndi kukhulana. Titapaka mafuta, mzere unkatsetsereka mwakachetechete n'kukhalanso m'malo mwake. Titapukuta n'kuwaza fumbi, timipira tinayamba kugwirana, tina kukwerana, mpaka katatu kanai tinadumphira kunja. Chilema chinali chomwecho, koma kagumukidwe kanasiyana kutalitali. Timipira togwirana timafuna malo owonjezera kuti tidutsane, ndiye mulu umatupa. Osborne Reynolds anafotokoza kutupaku mu 1885. N'chifukwa chake mchenga wonyowa wa kugombe la nyanja umaoneka wouma kuzungulira phazi mukauponda.

Kwa ife alimi, nkhaniyi ili m'nkhokwe. Mu 1895 injiniya wa ku Germany, H. A. Janssen, anapeza kuti mbewu zikachuluka m'nkhokwe, kulemera kwake sikufika konse pansi, chifukwa kukhulana kumakankhira gawo lalikulu kuzipupa. Ambirife timalimbitsa phaka n'kuiwala nsungwi zam'mbali. Nditabwerera kunyumba madzulo amenewo ndinazungulira nkhokwe ya mayi anga, ndipo ndinapeza nsungwi ziwiri zofumbwa cham'munsi, pamene chipupa chinali chitayamba kale kutupa.