Tayala limodzi linandiwoletsera matimati ku Ntchisi

Amalonda anzanga a ku Lilongwe, Mponela ndi Kasungu, tcherani khutu mungadzalire ngati ine. Ndimakhala pa Madisi, kwa mfumu yaikulu Chakhaza m'boma la Dowa, ndipo geni yanga ndi yopikula matimati ndi anyezi kwa alimi a m'mapiri a Ntchisi n'kudzaodetsa kwa mavenda a m'mbali mwa msewu wa M1.

Galimoto yanga anthu amaiseka. Ndi ka Toyota Starlet Glanza V, kaja kamene a ku Japan ankapanga kuyambira 1996 mpaka 1999, ka injini ya malita 1.3 yokhala ndi turbo, kokoka ndi matayala akutsogolo. Anyamata a pa Madisi amati n'kampikisano, koma ine ndinazula mipando yakumbuyo n'kumakasenzetsa madengu. Pa tala kamathawa ngati gwape. Koma dzinja lina kanandichititsa manyazi.

Unali mwezi wa February, nthawi imene matimati amasowa ndipo mtengo umakoma. Ndinatsanulira mpamba wanga wonse m'madengu asanu ndi atatu. Pobwerera mvula inali itavumba, ndipo pa chitunda china cha katondo tayala lakumanzere linalowa m'matope pomwe lakumanja linali pouma bwinobwino. Ndinaponda moto. Lakumanzere lija linazungulira mpaka kufuka utsi, likumwaza matope, koma lakumanja linangoti duu, ngati ntchitoyo si yake. Ndinagona pomwepo. M'mawa mwake dzuwa linaswa mtengo, ndipo mmene mkulu wina amadzandikoka ndi ng'ombe zake masana, matimati apansi anali atasanduka phala. Mkuluyo anangoti: "Mwana wanga, galimoto yako ili ndi miyendo iwiri koma ikuyendera umodzi."

Mawu amenewo anandisowetsa tulo. Nditafunsafunsa ndinamva kuti wolakwa si injini ayi, koma kachipangizo kotchedwa difu. Galimoto ikamakhota, tayala lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lamkati, choncho liyenera kuzungulira mofulumirirapo. Difu ndi imene imalola zimenezo. Vuto la difu wamba n'lakuti imapereka mphamvu yofanana ku matayala onse awiri, ndipo muyeso wake imautengera pa tayala lofooka. Lina likakhala poterera, pamene sipafuna mphamvu kuti lizungulire, linzake la pouma limalandiranso kamphamvu kochepa komweko. N'chimodzimodzi anthu awiri onyamula thumba la chimanga, mgwirizano uli wakuti wina asaposere mnzake: mmodzi akakhala wodwala, thumba silinyamuka.

Makaniko wina wachinyamata, dzina ndisunge, anandiuza kuti mankhwala ake ndi apafupi. "Bigi, bweretsani tiwotcherere difuyo, matayala onse azizungulira limodzi. Mawa lomwe mukwera phiri lililonse." Mtengo unali wozizira moti ndinatsala pang'ono kuvomera. Mwayi wanga ndinayamba ndakafunsa mmisiri wina wachikulire ku Lilongwe, amene wakalambira pa magiyabokosi. Atamva anagwira pakamwa.

"Achimwene, muli ndi ana?" anandifunsa. Ndinati atatu. "Ndiye musayerekeze. Matayala amene mukufuna kuwamanga pamodziwo ndi omwewonso amakhotetsa galimoto. Pa tala chiwongolero chidzauma gwa, galimoto izidzafuna kupitirira pa kona, ndipo tsiku lina CV joint kapena shafiti idzathyoka muli pa liwiro. Pa M1 paja pali mathiraki."

Iwowo ndi amene anandiuza za difu ina yotchedwa limited-slip, mwachidule LSD. Imeneyi imalola matayala kusiyana liwiro pokhota, koma lina likayamba kuterereka imakankhira mphamvu yambiri kwa limene lagwira pansi. Si nzeru yatsopano. M'ma 1930 kampani ya ku Germany ya ZF inapangira Ferdinand Porsche difu yotere kuti galimoto za mpikisano za Auto Union zileke kupalasa pansi potuluka pa kona. Nawo a Honda anaiika m'galimoto zawo zokoka ndi kutsogolo, Integra Type R ya 1995 ndi Civic Type R ya 1997, ndipo Ford Focus RS ya 2002 inabwera ndi difu ya kampani ya Quaife ya ku England.

Mitundu yake yodziwika ilipo itatu, ndipo apa ndi pamene anthu amaberedwa. Woyamba uli ndi timbale tokhulana ngati kilatchi. Umagwira kwambiri, koma umafuna oyilo wakewake, umalira pokhota ndipo timbaleto timatha. Wachiwiri uli ndi madzi okhuthala a silicone mkati mwake. Ndi wofatsa, koma ukakalamba umatha mphamvu mwakachetechete, ndiye wogula wakale samalani. Wachitatu ndi wa magiya opotana okhaokha, umene amautcha helical. Ulibe timbale totha, umagwiritsa oyilo wa giyabokosi yemweyo, ndipo suvutitsa chiwongolero. Ine ndinasankha umenewu.

Chipangizocho anandigulira mlamu wanga wa ku Johannesburg n'kuchitumiza pa basi. Ndalama zake zinaposa za matayala anayi atsopano, ndipo mayi a kunyumba anakhala sabata osandiseka. Mwayi unalipo poti ndinagula isanafike November 2023, pomwe kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Ntchito yoika nayonso si yapansi pa mtengo wa mango. M'galimoto yokoka ndi kutsogolo difu imakhala mkati mwa giyabokosi, ndiye anatsitsa giyabokosi yonse, kuing'amba pakati, kusamutsa giya yaikulu ya difu yakale kuimangira pa yatsopano, kuika maberingi ndi masilo atsopano, n'kuyeza bwino kuti pasakhale kukhwepa kapena kuthina. Galimoto inagona ku galaja masiku atatu.

Dzinja lotsatira ndinabwerera pa chitunda chomwe chija, mtima uli phaphapha. Tayala lakumanzere linayamba kupalasa, kenaka ndinamva chiwongolero chikukoka pang'ono m'manja, galimoto n'kukwera. Ndinaimba nyimbo ndekha ngati wamisala. Ngakhale pa tala ponyowa, kaja kopalasa tayala lamkati ponyamuka pa mphambano kanatha.

Koma ndisakunamizeni, amalonda anzanga. LSD siisandutsa Starlet kukhala Land Cruiser. Matayala onse awiri akamira m'matope, mugona pomwepo basi. Difu ya helical imachulukitsa mphamvu imene tayala lofooka likugwira nayo pansi, choncho tayala lina likalendewera m'malere palibe choti ichulukitse. Zikatero pondani buleki pang'ono ndi phazi lamanzere uku mukupatsa moto, imagwiranso. Komanso galimoto siikwera m'mwamba chifukwa cha difu. Mimba idzakhulabe pa miyala ya ku Ntchisi.

China n'chakuti ambiri a inu muli ndi ma Sienta ndi ma Probox osintha okha magiya, amene timaitanitsa ku Japan kudzera pa Dar es Salaam ndi pa Songwe. Ma LSD ogulitsidwa padera ambiri amapangira magiyabokosi a pamanja a galimoto zothamanga. Wina akakuuzani kuti ali nayo ya galimoto yanu, muuzeni akuonetseni nambala ya giyabokosi imene chipangizocho chimalowa. Enanso amakwezera galimoto pa jeke n'kuzunguza tayala limodzi, ati linzake likatsata mbali yomweyo ndiye kuti muli LSD. Zimenezo n'zoona pa ya timbale ndi ya silicone, koma ya helical imatha kuzungulira mosemphana ngati difu wamba. Safunsa anadya phula.

Ngati thumba silikulola, yambani ndi zosafuna ndalama zambiri. Matayala a mano abwino aziikidwa onse anayi, osati a dazi aja timagula pa kaunjika. Katundu wolemera asaunjikane kumchira, chifukwa amapepula mutu wa galimoto pomwe pali matayala okoka. N'chifukwa chake madalaivala akale amakwera chitunda choterera chobwerera m'mbuyo. Poterera musaponde moto mwaukali, nyamukani mofatsa. Ndipo khasu ndi chingwe zisamachoke m'galimoto.

Mkulu wa ng'ombe uja ndinakumana nayenso tsiku lina ndikupikula anyezi. Anayang'ana ka Starlet, n'kufunsa ngati mwendo wachiwiri uja unachira. Ndinati unachira, agogo. Iwo anaseka n'kuti ng'ombe zawo zikadalipo, ndisataye njira ya kwawo.