Kodi mumadziwa? Mitsempha iwiri ya m'khosi yomwe imamwetsa ubongo

Ikani zala ziwiri pambali pa kholingo, mbali imodzi yokha, osafinya. Mukumva kugunda? Umenewo ndi mtsempha wa carotid, mnzake ali mbali inayo, ndipo iwiriyi imanyamula pafupifupi magawo atatu mwa anayi a magazi onse opita ku ubongo!

Ubongo wa munthu wamkulu sufika kilogalamu imodzi ndi theka, koma ludzu lake si lamasewera. Pamphindi iliyonse umalandira magazi okwana mamililita 750. Patsiku ndi malita oposa 1,000, ndiye kuti madiramu asanu!

Nanga magaziwo ataima? Munthu amakomoka m'masekondi 10 okha.

Mafuta akamaunjikana m'kati mwa mtsempha, njira imachepa mwakachetechete, khosi osapweteka. Madokotala amaona zimenezi ndi makina a mtundu womwe uja amajambulira amayi oyembekezera, ndipo amayeza liwiro la magazi. Pabwinobwino silipitirira masentimita 125 pa sekondi, koma pamene njira yatsekeka magawo 70 pa 100, limadutsa 230!

Pali njira ina yomwe ine imandigometsa. Makina a MRI amatha kuika chizindikiro cha maginito pa magazi akudutsa m'khosi, kenako n'kuwajambula atafika m'mutu, popanda jakisoni. Mbali yomwe ikumanidwa imaonekera pachithunzi: ubongo wabwino umalandira mamililita pafupifupi 50 pa magalamu 100 aliwonse pamphindi, akatsika pa 20 umayamba kuleka ntchito, akatsika pa 10 umafa.

Kodi anayamba ndani kujambula mitsempha ya m'mutu mwa munthu wamoyo? Ndi Mpwitikizi, Egas Moniz wa ku Lisbon, mu 1927. Chipatala cha St Francis ku Katete chidayamba mu 1948, pomwe wodwala woyamba kujambulidwa mutu ndi makina a CT adajambulidwa ku London mu 1971, patadutsa zaka 23.

Mtsempha umodzi ukatsekeka, si onse amagwa. Pansi pa ubongo pali mkombero wa mitsempha womwe Thomas Willis adaufotokoza mu 1664, ndipo umalola mbali imodzi kubwereka magazi kwa inzake. Koma anthu amene mkombero wawo ndi wathunthu safika ndi theka lomwe!

Mwamvapo munthu akuti diso limodzi linachita mdima kwa kanthawi, n'kuyeranso? Kapena dzanja linachita dzanzi, lilime n'kulemera, kenako zonse n'kutha? Musati zapita: mtsempha wa diso umaphuka pa carotid yemweyo, ndipo chenjezo lotere limatha kutsatidwa ndi sitiroko yeniyeni m'maola 48 oyamba.

Sitiroko yaikulu ikagunda, maselo a ubongo pafupifupi 1.9 miliyoni amafa pamphindi imodzi. M'mphindi 10, chiwerengerocho chimayandikira cha anthu onse a m'Zambia, omwe kalembera wa 2022 adapeza kuti ndi 19.6 miliyoni!

N'chifukwa chake wa ku Vubwi kapena ku Sinda asadikire kuti kuche, athamange naye wodwala ku chipatala chapafupi. Mankhwala osungunula magazi oundana amathandiza kwambiri m'maola anayi ndi theka oyamba, pomwe kuchoka ku Katete kukafika ku chipatala cha UTH ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 500.

Matendawa sayang'ana udindo. Malemu a Levy Mwanawasa, omwe anali pulezidenti wa Zambia, adadwala sitiroko mu 2006, ina n'kuwagwira ku Egypt mu June 2008, ndipo adatisiya ali ndi zaka 59 zokha.

Fodya, shuga ndi BP ndizo zimaononga kwambiri mitsemphayi. Inu munayezetsa liti BP? Kaya ndi ku Nyanje, ku St Francis kapena pa kiliniki ya kwanu, ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo nambala yoti musaifike ndi 140 pa 90.