Kujambula lata lopita ku makina

Mmisiri wokhoma ndowa ndi mbaula pamsika amayamba ndi lata lafulati. Amalemba mizere ndi msomali, amadula, kenako n'kupinda. Pulani yonse ili m'mutu mwake, ndipo pakapotoka amawongola ndi hamala. M'fakitale yopanga mabokosi a magetsi kapena makabati achitsulo zinthu siziyenda choncho. Wojambula ndi wina, wodula ndi wina, wopinda ndi winanso, ndipo kawirikawiri saonana n'komwe. Chimene chimawalumikiza ndi chojambula, motero chimene wojambula sanalembe, wopinda amangoganizira.

Vuto lalikulu lili pa mpindo. Lata likamapindidwa, mbali yakunja imatamuka, yamkati imafinyika, ndipo pakati penapake pamatsala mzere umene sutalika kapena kufupika. Mzerewu sukhala pakatikati penipeni, umasendera mkati mwa mpindo. Amisiri amaupima ndi nambala yotchedwa K-factor, imene nthawi zambiri imakhala pakati pa 0.3 ndi 0.5 ya kuchindikala kwa latalo.

Tiyerekeze kachitsulo kooneka ngati chilembo L, ka lata lochindikala mamilimita 2, mbali iliyonse mamilimita 50 poyeza kunja, kopindidwa madigiri 90 ndi radius yamkati ya mamilimita 2. Wongoyamba kumene amaphatikiza 50 ndi 50 n'kulamula kuti adule mamilimita 100. Koma K-factor ikakhala 0.4, mpindo wokha umadya mamilimita pafupifupi 4.4, mbali zowongoka ndi 46 ndi 46, ndipo lata loyenera kudulidwa ndi la mamilimita 96.4. Kusiyana kwa 3.6 kumaoneka kochepa. Pa chitsulo chokhala ndi mipindo inayi yotsatizana kumakwana mamilimita 14 ndi kupitirira, ndipo pamenepo chivundikiro sichilowa, mabowo a mabawuti sakumana.

K-factor siidalira lata lokha. Imasinthanso malinga ndi zipangizo zimene zamangidwa pa makina opindira, otchedwa press brake. Wojambula wanzeru amafunsa fakitale radius imene zipangizo zawo zimatulutsa asanamalize kuwerengera, chifukwa kompyuta imangogwiritsa ntchito nambala imene yapatsidwa, yolondola kapena yolakwika.

Kuchindikala kwa lata kulembedwe m'mamilimita. Aliyense amene anagulapo malata ofolera nyumba amadziwa kuti geji 28 ndi yochindikala kuposa geji 30, nambala ikamakwera lata limapyapyala. Chimene ambiri sadziwa n'choti geji imasiyana malinga ndi mtundu wa chitsulo: geji 16 ya chitsulo wamba ndi mamilimita pafupifupi 1.5, pamene ya aluminiyamu ndi pafupifupi 1.3. Kulemba geji yokha, osatchula mtundu wa chitsulo, n'kusiyira wogula zipangizo kuti asankhe yekha.

Palinso nkhani ya kayalidwe ka zithunzi papepala. Luso loonetsa chinthu chimodzi kuchokera kutsogolo, pamwamba ndi m'mbali linayalidwa mwadongosolo ndi katswiri wa masamu wa ku France, Gaspard Monge, amene buku lake linatuluka mu 1799. Lero pali njira ziwiri. Ku Ulaya ambiri amatsatira first angle, pomwe chithunzi cha mbali yakumanzere chimaikidwa kumanja. Ku America amatsatira third angle, chithunzi cha kumanzere chimakhala kumanzere komweko. Wopinda akawerenga njira ina m'malo mwa inzake, amatulutsa chitsulo chotembenuka, chakumanja m'malo mwa chakumanzere. N'chifukwa chake kachizindikiro kosonyeza njira imene yatsatidwa sikayenera kusowa m'bokosi la m'munsi mwa pepala, ndipo mzere uliwonse wa mpindo ulembedwe ngati ukupindira m'mwamba kapena pansi, ndi madigiri ake.

Mabowo nawo ali ndi malamulo awo. Bowo loyandikana kwambiri ndi mpindo limakokeka n'kusiya kukhala lozungulira, choncho amisiri ambiri amalitalikitsa ndi mtunda wokwana kuchindikala kwa lata kawiri ndi theka, kuwonjezerapo radius. Pamene mpindo ukuthera pakati pa lata, pamadulidwa kampata kakang'ono kuti chitsulo chisang'ambike. Mlomo wopindidwa ukafupika kwambiri, makina amalephera kuugwira.

Pa malire a kulakwitsa kololedwa, ojambula ambiri amangotchula muyezo wa ISO 2768. Gawo lake lapakati limalola mamilimita 0.3 kupitirira kapena kuperewera pa utali wa pakati pa mamilimita 30 ndi 120. Kufuna 0.05 pa lata lopinda n'kukweza mtengo pachabe, pakuti lata likatuluka m'makina limabwerera pang'ono, ndipo wopinda amachita kupyoletsa madigiri mwadala kuti lifike pofunikapo. Malire othina asungidwire malo amene chitsulo chikukumana ndi chinzake.

Masiku ano fakitale imalandira mafayilo awiri kapena atatu. PDF ndi ya maso a munthu. DXF, mtundu wa fayilo umene kampani ya Autodesk inatulutsa mu 1982 limodzi ndi AutoCAD, ndi ya makina odula ndi laser, ndipo iyenera kukhala ya lata lafulati pa kukula kwake kwenikweni, yopanda miyeso, mawu kapena mizere yobwerezedwa. Ena amawonjezera fayilo ya STEP yoonetsa chitsulo chitapindidwa kale. Mafayilo onsewa akhale ndi nambala imodzi ya chitsulo ndi chilembo chimodzi chosonyeza kuti asinthidwa kangati. Wojambula akasuntha bowo pa PDF n'kuiwala DXF, makina amaboola pamalo akale pa chitsulo chilichonse chimene chaitanitsidwa.